Kagalimoto Kathu Kayamba Kuimba Mluzu

Nagasaki,
19 Ogasiti

Okondedwa achemwali anga a Tamaki,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Kushiro, kumene mumati ngakhale mwezi uno mumagona mutafunda bulangete. Kuno dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyenje zikulira kuyambira m'mawa mpaka makutu kuwawa. Kalata yanu ndinailandira kalekale, koma musandikalipire kuti ndachedwa kuyankha. Manja anga anali otanganidwa, ndipo mukadawaona mwezi wathawu, zikhadabo zili bii ndi oyilo, mukadakana kuti ndi a mng'ono wanu. Khalani pansi bwinobwino, achemwali, chifukwa nkhani ndili nayo ndipo mtima wanga sunakhazikikebe.

Ndiyambire pa Obon ya chaka chatha, nyengo ija yokaona manda a makolo. Kanae, mwana wanga uja, anabwera kuchokera ku Fukuoka ndi amuna ake a Hirofumi, ndipo ndinakawatenga ndi kagalimoto kathu koyera kaja. Tinali anayi ndi alamu anu a Norimasa, zikwama kumbuyo, mphepo yoziziritsa ikuwomba. Mukupadziwa pa kona ya wometa tsitsi, pamene chitunda chathu chimaimirira ngati khoma? Pamenepo ndinakumana ndi lole ya gasi ikutsika, ndiye ndinaima kuti idutse. Poti ndinyamuke, kagalimoto kananjenjemera, kanatsokomola, n'kuzima. Nditalizanso injini kanabwerera m'mbuyo pang'ono, kutsala pang'ono kukhudza mpanda wa eni ake. A Hirofumi ndi Kanae anachita kutsika n'kukwera wapansi atasenza zikwama. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Madzulo ake Kanae anatikhazika pansi ngati ana a sukulu. Anati abambo ake anabweza kale laisensi kupolisi chifukwa cha sitiroko ija, ine ndadutsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo nyumba ili pamwamba pa phiri. Anati kwawo atikonzera chipinda.

"Chaka chamawa ndikadzapeza zinthu zili chonchi, sindidzafunsanso," anatero. "Ndidzangobwera ndi lole yosamutsira katundu."

Anawalonjezetsanso abambo ake kuti sadzagwiranso sipanala, poti dzanja lawo lamanzere silinabwerere mwakale. Iwo anangogwedeza mutu. Ine sindinagone bwino masiku amenewo. Nyumba iyi, achemwali, ndi imene tinabadwiramo ine ndi inu, ndipo manda a amayi ndi abambo ndimawaona ndikamayanika zovala. Ndikaisiye kuti ndizikasuzumira pa zenera la nsanjika ku Fukuoka?

Mudzati bwanji osangogula galimoto ina. Yaikulu singadutse kanjira kathu, mukudziwa. Zing'onozing'ono za masiku ano ndinakaziyesa, koma zimalankhula, zimalira, zimakuuza zochita ngati apongozi, ndipo giya ya pamanja imene ndinazolowera mulibe. Aka ndimakadziwa ngati chikhatho changa.

Alamu anu a Norimasa chibwezereni laisensi anasanduka munthu wina. Munthu amene moyo wake wonse anakonza injini za sitima zapamadzi ankangokhala pa zenera tsiku lonse, maso ali kudoko, mawu ake osapitirira "eya" ndi "ayi". Ndiye tsiku lina, maluwa a sakura atangoyoyoka, tinkachokera kogula mpunga, ndipo pa chitunda chomwecho anatipitirira a Ogata, nkhalamba ya pa bafa la m'mudzi ija, ali pa njinga yawo ya batire. Anatiimbira belu, abale! Ine ndinapsa mtima, koma alamu anu anapendeketsa mutu n'kumamvetsera injini.

"Kakusowa mpweya," anatero.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Injiniyi ilibe vuto. Ikupuma ngati ine basi. Tikaipatsa mpweya, chitunda ichi ndi masewera."

Tsiku limenelo ndi limene ndinamva za tabo. Malamulo salola kukulitsa injini ya tigalimoto ting'onoting'ono ta nambala yachikasu ngati kathuka, koma saletsa kuidyetsa mpweya wambiri. Tabo ndi kachitsulo kopindika ngati nkhono. Utsi wotuluka mu injini, umene umangotayika chabe, umazunguza kampira ka mapiko, ndipo kampirako kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya watsopano mu injini. Mpweya ukachuluka, moto umakula, mphamvu imabwera. Anandijambulira ndi chala pa tebulo, tiyi atatayikira, ndipo anati za pa sitima zimakula kuposa chitseko cha nyumba yathu. Analankhula mpaka supu inazizira. Ine ndinamva theka lokha, koma ndinkangoti, "Pitirizani, bambo."

M'mawa mwake tinatsikira ku galaja ya a Kuwabara, amene anaphunzira ntchito m'manja mwa alamu anu kudoko asanatsegule pawo. Atamva chimene tabwerera anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Aphunzitsi, zimenezi amabwera nazo kuno ndi anyamata a tsitsi lofiira aja! Ndiye tabo pa galimoto yomata chizindikiro cha okalamba? Mayi, mukufuna muzikapikisana ndi ndani, a ambulansi?"

"Ndi a Ogata," ndinatero. "Inu pezani chitsulocho, zoseka mudzaseka pambuyo."

Anachipezadi. Kumalo ophwasulira magalimoto kunali mbale wake wa kathuka, wamtundu umodzimodzi koma wobadwa ndi tabo, amene anagundidwa kumbuyo injini ili bwinobwino. Anachotsako tabo ija, mapayipi ake, ndi kabokosi koziziritsa mpweya usanalowe mu injini. A Kuwabara anati ntchito yonse aigwira okha, koma alamu anu anakana kwamtuwagalu. Anati galimoto yonyamula mkazi wawo bawuti iliyonse ayenera kuidziwa. Tsono lonjezo lija? Tinayang'anana, ndipo ine ndinapinda manja a bulauzi.

Achemwali, ine amene zaka zonsezi ndinkaletsedwa ngakhale kupukuta fumbi pa bokosi la masipanala, ndinagona chagada pansi pa galimoto! Iwo anakhala pa kampando, ndodo m'manja, kumaloza.

"Osati imeneyo, mayi, ya pambali pakeyo! Mangani pang'onopang'ono, mukufuna kuithyola? Si chivundikiro cha botolo chimenecho!"

"Ndiye bwerani mumange nokha!"

"Ndinalonjeza mwana."

"Mwakumbukira lero kuti munalonjeza?"

A Kuwabara ankangobisala kuseri kwa galimoto ina, mapewa akugwedezeka. Koma ndikuuzeni zoona, sindinakondwepo ndi kukalipiridwa ngati mmene ndinakondwera masiku amenewo. Munthu uja anabwerera. Ankadzuka ine ndisanadzuke, ankameta ndevu, ankadya mbale ziwiri. Payipi yobweretsa oyilo ku tabo anandimasulitsa kangapo konse, ati pakadontha ngakhale kadontho kamodzi chitsulocho chipsa. Tinaika kilatchi yolimba ndi mabuleki atsopano, chifukwa iwo amati galimoto yodziwa kukwera iyenera kudziwanso kutsika. Za kompyuta ya injini anachita ndi a Kuwabara, ndipo alamu anu anawaima pamsana kuti asawonjezere mphamvu yambiri. Anati iyi si ya mpikisano, ndi yokagulira nsomba ndi kupita kuchipatala. A Kuwabara omwewo ndiwo anaipititsa kokayezetsa ku boma, ndipo inakhoza.

Tsiku loyamba kukayendetsa sindidzaliiwala. Tinatulukira mumsewu wa kudoko uja, ndinaika giya yachitatu, alamu anu n'kuti, "Pondani tsopano." Poyamba panalibe chachilendo. Kenako kunamveka kamluzu kochokera kutsogolo, fyuuu, ndipo mpando unandikankha pamsana ngati wina wandinyamula. Ndinakuwa, achemwali! Ndinakuwa ngati mtsikana, ndipo nditachotsa phazi kuti ndisinthe giya kanayetsemula, tsii, alamu anu n'kuseka chikhakhali chimene sindinachimve chidwalireni. Pa maloboti anyamata awiri a pa njinga yamoto anayang'ana chizindikiro cha okalamba, anayang'ana imvi zanga, n'kuyang'anana okhaokha. Mmodzi anandiweramira. Musade nkhawa, sindithamanga. Kungoti tsopano ndikamalowa mumsewu waukulu malole sandiimbiranso hutala. Kamafuna petulo wabwino uja ndi oyilo watsopano pafupipafupi, koma ndani sadya bwino akamagwira ntchito?

Vuto linatsala limodzi, Kanae. Pa foni ndinangomuuza kuti galimoto tinaipititsa ku galaja, zomwe sizinali zabodza. Tinapangana kuti akabwera tidzatsegule wailesi mokweza kuti mluzu usamveke, tikwere chitunda, iye aone kuti zonse zili bwino, abwerere kwawo mtima uli m'malo. Nzeru za nkhalamba ziwiri zimenezo.

Koma alamu anu anabwera ndi ina. Anati galimoto yalandira mtima watsopano, ndiye singanyamule mwana wathu isanayeretsedwe ku kachisi. Ine ndinavomera, chifukwa ndi zoona. Wansembe anali wotanganidwa, ndipo mpata anaupeza tsiku lomwelo lofika Kanae. Tinati palibe kanthu, atipeze pa kachisi pomwepo, si patali ndi siteshoni. Tangoganizani, achemwali, anthu amene tayeretsetsa magalimoto moyo wathu wonse, palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anakumbukira mmene mwambowo umayendera.

Tinaimika galimoto pa bwalo lake lija. Kanae ndi a Hirofumi anafika, tinapatsana moni, tinasamba m'manja. Wansembe anatuluka atavala zoyera, anatchula nambala ya galimoto ndi dzina langa, tonse titaweramitsa mitu. Atatha anatembenuka n'kunena mofatsa, "Tsegulani zitseko zonse, kumbuyo komwe, ndi boneti."

Ndinayang'ana alamu anu, iwo akuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Ndisanasunthe n'komwe, a Hirofumi, ndi ulemu wawo uja, anali atathamangira kale.

"Khalani, amayi, nditsegula ndine."

Boneti inakwera. Mapayipi aja ali waliwali padzuwa, poti ndinawapukuta ndekha dzulo lake ngati mbale za alendo. Ndipo mkamwini wathu, munthu wofatsa amene sakweza mawu ngakhale mpira ukamaonetsedwa, anakuwa pakati pa mwambo: "Aa! Tabo! Abambo, mwaika tabo!"

Wansembe sanagwedezeke. Anapitiriza kukupiza ndodo yake ya mapepala oyera pa chitseko chilichonse, ndipo atafika pa injini ndinaona ngati anachedwapo pang'ono. Pamaso pa wansembe sungakangane, ndiye Kanae anawerama pofunika kuwerama, anaomba m'manja pofunika kuomba, analandira chithumwa cha pamsewu ndi manja awiri, nkhope ili gwa. Ine ndinkapemphera kuti mwambowo usathe.

Wansembe atangolowa, Kanae anagwira dzanja la abambo ake n'kulitembenuza. Linali loyera. Kenako anagwira langa. Oyilo wa m'zikhadabo, achemwali, sachoka ndi sopo.

"Amayi?"

"Abambo ako sanagwire sipanala. Analonjeza, ndipo sanagwire."

"Ndiye mwaona kuti n'zoseketsa? Anzanu akubweza malaisensi, inu mukuwonjezera liwiro! Mukufuna ndidzalandire foni yotani ine? Iwenso Hirofumi, ukusekerera chiyani?"

"Ayi, sindikusekerera. Kungoti ntchitoyi ndi yaukhondo kwambiri."

"Khala chete!"

Mawu ake ankanjenjemera, ndipo ndinaona kuti si ukali wokha, mwanayu anali ndi mantha. Mtima unandipweteka. Ndinkafuna kupepesa, koma alamu anu anatseka boneti ndi dzanja lawo labwino lija n'kunena, "Kanae, lowa. Mlanduwu ukaweruze tikafika pamwamba."

Tinalowa, ine pa chiwongolero, alamu anu pambali panga, ana kumbuyo. Wailesi sindinaikhudze, inalibenso ntchito. Alamu anu anatsegula mphepo yoziziritsa mpaka kumapeto, ati zonse zikhale ngati chaka chatha. Tinadutsa njanji, tinadutsa msika, tinayamba kukwera. Kamluzu kanayamba, ndipo kagalimoto kanakwera chigawo choyamba chija mopepuka ngati mulibe anthu. Mtima wanga unayamba kuvina. Ndinati tapulumuka, chifukwa kutsogolo kunalibe galimoto yotsika. Koma titangofika pa kona ya wometa tsitsi, alamu anu anati, "Imani."

"Bambo, mseu uli bwino."

"Imani pomwepa, mayi. Mwana aone."

Ndikadakhala ndi dzanja lachitatu ndikadawatsina. Ndinaima, ndinakoka handibuleki. Galimoto inapendekera kumwamba moti kutsogolo ndinkangoona mitambo ndi mawaya a magetsi. Pa galasi ndinaona Kanae atagwira lamba ndi manja onse awiri. Wometa tsitsi anatuluka pakhomo pake, lumo m'manja, kudzaonerera. Mwendo wanga wamanzere unayamba kunjenjemera pa kilatchi, ndipo ndinadziwa kuti kakangozima pano, nyumba yapita.

"Musafulumire," alamu anu ananong'ona. "Mverani injini. Ikuuzani yokha."

Ndinaponda pang'ono, ndinakweza phazi lamanzere pang'onopang'ono, ndinamva mphuno ya galimoto ikudzuka, ndinamasula handibuleki. Sikanabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono. Kanangonyamuka, kamluzu kaja n'kukwera, fyuuu, ndipo tinapinda kona ija ngati tikuyenda pa chigwa. Giya yachiwiri, tsii! A Hirofumi anaomba m'manja n'kukuwa, "Amayi, ndinu katswiri!" Wometa tsitsi anakweza lumo lake m'mwamba. Ine misozi inali itayamba kale, koma maso sindinawachotse panjira mpaka tinalowa pa geti.

Kanae anagwira chitseko kuti atuluke, koma abambo ake anati, "Dikira. Injini siizimitsidwa msanga ikakwera phiri." Limeneli ndi lamulo lawo, ndipo palibe amatsika lisanakwane. Tabo imatentha kwambiri, ndiye umaisiya injini ikulira pang'onopang'ono kuti oyilo azungulire n'kuiziziritsa. Ukangozimitsa, oyilo amapserera m'kati. Tinakhala anayi m'kagalimoto, injini ikung'ung'udza, ndipo alamu anu anatembenuka n'kuyamba kuwafotokozera a Hirofumi zonsezi. Anachoka pa oyilo n'kupita pa mapiko a tabo, anachoka apo n'kukafika pa sitima ina imene anaikonza pakati pa nyanja ali mnyamata, manja akuuluka, lodwala lomwe lija likuyesetsa kutsatira linzake. Anafotokozanso mmene ndinagwetsera bawuti m'kati mwa injini n'kuisaka masana onse, ndipo anandinamizira zina ndi zina.

Ndinayang'ana pa galasi. Kanae sankayang'ana ine, ankayang'ana abambo ake, dzanja lili pakamwa, misozi ikutsika.

"Abambo," anatero, "mawu onsewa munawabisa kuti?"

Alamu anu anangokanda m'mutu. Kanae anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa ine.

"Amayi, mwendo wanu umanjenjemera paja. Ndinauona."

"Unanjenjemera, mwanawe. Koma sunalakwitse."

Kanae anayang'ananso abambo ake. Ine mpweya ndinaugwira.

"Chipinda chija sindichipereka kwa wina aliyense," anatero. "Koma lole sindiitana chaka chino. Chaka chamawa ndidzabweranso, ndipo mudzaimanso pa kona ija."

"Tsopano mukhoza kuzimitsa, mayi," anatero alamu anu. Ndinazimitsa, koma palibe anatsika msanga.

Ndiye tikhala, achemwali! Tikhala m'nyumba mwathu! Kumanda tinapita tonse anayi, tinatsuka mwala, tinayatsa nyali, tinaphulitsa makombola monga mwa nthawi zonse, ndipo amayi ndi abambo ndinawauza zonse, ndi moni wanu womwe. A Hirofumi anapempha kuti ayendetseko, ndipo anatsika ndi kukwera chitunda mpaka Kanae anawalanda makiyi. Abwerera dzana, ndipo ndawapatsira keke ya kasutera yokwana mudzi.

Tsopano pempho langa. Ndere zouma za msuzi zimene munatumiza zatha, koma ulendo uno musazitumize pa positi, mubwere nazo nokha. Bondo lanu lisakhalenso chifukwa, ndidzakutengani pa siteshoni n'kukakutsitsani pakhomo penipeni, ndipo mudzakhala kutsogolo kuti mluzu muumve bwino. Chokhacho, musankhe sitima yofika m'mawa kapena masana. Dzuwa likalowa, magetsi a magalimoto obwera kutsogolo ayamba kundithobwa m'maso, ndipo masiku ano kukada sindituluka. Alamu anu akudziwa. Kanae ndidzamuuza ndekha, inu musanditsogolere. Tabo imapatsa injini mpweya, koma maso siikonza, ndipo ndikudziwa kuti tsiku likubwera limene nanenso ndidzavala bwino n'kupita kupolisi ndi laisensi yanga m'manja. N'chifukwa chake ndikuti mubwere chaka chino, masamba akamafiira, osati chaka chamawa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze achepetse fodya. Moni kwa ana ndi zidzukulu zonse. Alamu anu a kuno akuti ndikuuzeni kuti muli bwanji, ndipo akuti mukadzafika musadzatsegule chitseko iwo asanalole. Panopa ali panja akupukuta galasi lakutsogolo, akuimba, ndipo akundiitana kuti tikagule ayisikilimu kudoko kusanade. Ndiyenera kupita.

Bwerani, achemwali. Ndikufuna ndikukwezeni phiri lathu ine mwini ndikuyendetsa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Shizue